Zomwe tinakumana nazo poyeza malankhulidwe a odwala schizophrenia pa kompyuta ku Mzuzu

Kompyuta imatha kuwerenga zinthu zimene khutu limangozimva koma osazisunga: masekondi amene munthu wakhala chete asanayankhe, kuchuluka kwa maphatikizo amene watchula pa mphindi imodzi, mmene mawu ake akukwerera ndi kutsika, komanso ngati chiganizo ichi chikugwirana ndi chimene wangonena kumene. Pa ntchito yathu kuno ku Mzuzu, yojambula ndi kuyeza malankhulidwe a anthu odwala schizophrenia amene anavomera, zambiri zimene kompyuta inkatiuza poyamba sizinali za matenda ayi. Inkayeza mvula pa malata, mankhwala a usiku, ulemu wa munthu pamaso pa dokotala, ndiponso chilankhulo chimene wayankhira. Ndikulembera anzanga a zaumoyo ndi ophunzira a zamakompyuta amene akufuna kuyesa ntchito imeneyi, kuti mabowo amene tinagweramo ife inu muwalambalale.

Schizophrenia ilibe dzina lokhazikika m'Chichewa. Kumudzi amangoti misala, kapena vifusi m'Chitumbuka, mawu amene amaphatikiza matenda ambiri osiyana ndipo amanyoza. Ife polankhula ndi odwala timati matenda a maganizo, kenako n'kutchula dzina lenilenilo. Dzinali analipereka ndi Eugen Bleuler wa ku Switzerland mu 1908, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene anaziona kuti ndi phata la matendawa chinali kumasuka kwa ulusi umene umalumikiza ganizo ndi linzake. Mu 2022 bungwe la WHO linkati anthu pafupifupi 24 miliyoni ali ndi matendawa, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumawatsimikiza. Dokotala amadalira mbiri, khalidwe, ndi zimene akumva pakamwa pa wodwalayo.

Nancy Andreasen wa ku America mu 1979 anasanja zosokonekera za malankhulidwe m'mitundu 18. Zomwe timakumana nazo kawirikawiri ndi zinayi kapena zisanu: kulankhula mawu ochepa kwambiri, kulankhula zambiri zopanda nkhani mkati mwake, kuyankha m'mbali mwa funso, kuterereka kuchoka pa mutu kupita pa wina osabwereranso, ndi kuduka pakati pa chiganizo ngati ganizo labedwa. Namwino wodziwa ntchito amazimva zonsezi. Vuto ndi loti anamwino awiri amatha kupereka mamakisi osiyana pa munthu mmodzi, ndipo palibe amene angakumbukire bwinobwino mmene wodwala ankayankhulira miyezi itatu yapitayo. Apa ndi pamene kompyuta imathandiza.

Ofufuza akunja anayamba kale. Brita Elvevåg ndi anzake mu 2007 anaonetsa kuti kugwirana kwa ziganizo kungayezedwe ndi manambala. Natália Mota wa ku Brazil mu 2012 anasandutsa nkhani ya wodwala kukhala chojambula cha timadontho tolumikizana ndi mizere. Mu 2015 Gillinder Bedi ndi anzake ku New York anatsata achinyamata 34 amene anali pachiopsezo chodwala matenda a maganizo otere. Asanu anadzadwala, ndipo kompyuta inawalozera onse asanu osaphonya. Nkhani imeneyi inamveka kwambiri, koma anthu asanu ndi ochepa zedi. Mu 2018 Cheryl Corcoran ndi anzake atayesa njira yofananayo pa gulu lina ku Los Angeles inalondola pa 83 peresenti, ndipo ataibweza pa gulu la ku New York lija inafika pa 79 peresenti. Chotikhudza kwambiri ife ndi chimene Alberto Parola ndi anzake anapeza poyerekeza olankhula Chidanishi, Chijeremani ndi Chitchaina: miyeso yambiri yoyenda bwino m'chilankhulo chimodzi siinabwereze zomwezo m'chinzake. Ngati zinavuta pakati pa zilankhulo zokhala ndi mabuku mamiliyoni, musayembekeze kuti pulogalamu yophunzitsidwa pa Chingerezi ingofika pa munthu wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu n'kugwira ntchito.

Chilolezo, rekoda isanatuluke m'thumba

Ngati ndi kafukufuku, pamafunika kalata ya komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC, COMREC kapena MZUNIREC ya pa Mzuzu University, komanso chilolezo cha akuluakulu a chipatala. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, ndipo nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu lofunika kusamala kwambiri. Mawu ojambulidwa sabisika ngati dzina la pa pepala. Mutha kufufuta dzina, koma mlamu wake akamva masekondi atatu okha amudziwa.

Munthu amene wangofika ali pachimake pa matenda, sakugona, akumva mawu omulamula, sitimujambula. Sangavomere momvetsa, ndipo siginecha ya gadiyani siilowa m'malo mwa kufuna kwa mwiniwake. Timadikira akhazikike. Kenaka pali chinthu china chimene matenda ena alibe: odwala ambiri amakhulupirira kale kuti pali anthu akuwatchera khutu kudzera pa wailesi, pa foni kapena m'denga. Kuika kachipangizo patebulo popanda kufotokoza kuli ngati kutsimikiza mantha awo. Ndiye timakapereka m'manja mwawo, n'kunena mwachindunji: "Bambo, aka ndi kojambulira mawu. Sikalumikizana ndi wailesi kapena intaneti. Ndikadina apa kayamba, mukanena kuti basi ndidina apa. Mukakana, mankhwala anu ndi chithandizo chanu sizisintha." Timajambula moni wokha, n'kuwaikira kuti amve, n'kufufuta iwo akuona. Amene wakayikabe timamusiya, osamunyengerera.

Kajambulidwe

Cholakwa chathu choyamba chinali kugwiritsa ntchito mafoni osiyanasiyana. Foni iliyonse ili ndi kachitidwe kake kokweza mawu otsika ndi kudula phokoso, choncho munthu wolankhula motsitsa amamveka ngati wamphamvu, ndipo mpweya wa pakati pa mawu umafufutika. Mukayerekeza mafayilo otero ndiye kuti mukuyerekeza mafoni, osati anthu. Chipangizo chikhale chimodzi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Rekoda ya m'manja yokhala ndi maikolofoni yovala kumutu ndiyo yabwino, maikolofoni ikhale masentimita 3 mpaka 5 kuchokera pa ngodya ya mlomo, osati kutsogolo kwenikweni kumene mpweya wa ph, th ndi kh umawomba. Odwala ena sakonda chinthu kumutu. Zikatero yopanira pa malaya imakwana, pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20, bola ikhale pomwepo ulendo uliwonse ndipo isakhudzane ndi jekete kapena chitenje chofunda.

Sungani mu WAV, mtundu wa fayilo wosafinya mawu, 16-bit, pa 44.1 kHz. Mphindi imodzi ya njira imodzi imadya pafupifupi 5 MB, ndiye kakhadi ka 16 GB kamakwana anthu ambiri. Zimitsani zonse zodzikwezera kapena kudzichotsera phokoso zokha, ndipo ikani mphamvu yolowera kuti pokweza penipeni mawu azifika pakati pa -12 ndi -6 dB, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya mawu. Akagunda 0 amaphwanyika, ndipo sakonzekanso. MP3 ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp zimafinya fayilo potaya tizigawo ta mawu. Kupatula apo, kutumiza mawu a wodwala pa WhatsApp ndi kuswa chinsinsi.

Chipinda chimavuta kuposa chipangizo. Mzuzu ndi wa mvula, imatha kupitirira mpaka Epulo kapena Meyi, ndipo pa denga la malata lopanda siling'i ngakhale mvula yowaza imadzaza malo onse a chete. Pulogalamu imaona ngati munthu sanapume n'komwe. Jenereta ikalira magetsi atazima, kulira kwake kotsika kumasokoneza muyeso wa mawu a amuna, chifukwa kumakhala pafupi ndi pomwe mawu awo amayambira. Kabaza wa njinga yamoto akadutsa pawindo, masekondi amenewo atayika. Chipinda chopanda katundu, cha simenti pansi ndi makoma osalala, chimabweza mawu, ndipo mchira wa liwu lililonse umadya gawo la chete lotsatira. Makatani ndi bulangete lopachika kukhoma zimachepetsa zimenezi. Tisanayambe kufunsa timajambula masekondi 10 a chipinda chokha aliyense ali duu, kuti pambuyo pake tidziwe phokoso la tsikulo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi lembaninso ngati munthu ali ndi chimfine kapena akunjenjemera ndi chisanu, poti zonsezi zimasintha mawu.

Gadiyani akhale panja kwa mphindi zimenezi, mwaulemu. Mayi amene wasamala mwana wake zaka zambiri amayankha m'malo mwake asanaganize n'komwe, ndipo mwana amazolowera kudikira kuti amayi ayankhe. Timawauza kuti, "Mayi, tikambirana nanu tikamaliza, zanu n'zofunikanso, koma pano tikufuna timve iyeyu yekha."

Funso limene mwafunsa ndilo limabala yankho. Mafunso a kuchipatala, akuti mukugona bwino, mukudya, mankhwala mukumwa, amabala "ee" ndi "ayi" ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Kwathu kuno mnyamata kapena mtsikana wolemekeza sayang'ana wamkulu m'maso, amatsitsa mawu, amayankha mwachidule. Pa manambala, ulemu umenewu umafanana ndendende ndi kuchepa kwa mawu kwa schizophrenia. N'chifukwa chake wofunsa asavale gauni yoyera, akhale pampando wofanana kutalika ndi wa wodwala, ndipo akhale munthu mmodzimodzi ulendo uliwonse. Ife tinakhazikika pa ntchito zitatu. Yoyamba: "Tandifotokozereni za dzulo, kuyambira pomwe munadzuka mpaka pogona," kwa mphindi zitatu. Yachiwiri ndi chithunzi, mphindi imodzi, ndipo chikhale cha zinthu zodziwika monga pamsika kapena pa mjigo, chifukwa zithunzi za m'mabuku akunja zimapangitsa munthu kukhala chete poti sakuzindikira zomwe akuona. Yachitatu ndi kutchula nyama zonse zomwe angakumbukire m'masekondi 60. Gulu la Mota linapeza kuti nkhani ya maloto imasiyanitsa bwino kuposa nkhani ya zochitika masana, koma kuno maloto si nkhani yachibwana. Ambiri amawagwirizanitsa ndi mizimu kapena ufiti ndipo sauza mlendo. Tinalisiya funsoli kukhala la amene wafuna.

Wofunsa aphunzire kukhala chete. Munthu akaima, werengani masekondi 10 mumtima musananene kanthu, ndipo chonena chikhale chimodzi chokha: "Pitirizani." Chizolowezi chathu chovomereza ndi "eya", "ehe", "zoona" chimadula chete amene mukufuna kumuyeza. Gwedezani mutu.

Kulemba zimene zanenedwa

Apa ndi pamene nthawi imathera. Pulogalamu ya Whisper, yosandutsa mawu ojambulidwa kukhala zolemba, imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2022, ilibe Chichewa pa mndandanda wake ngakhale ili ndi Chiswahili ndi Chishona. Mukaipatsa Chichewa imalemba zinthu zooneka ngati mawu koma zosakhala zomwe zanenedwa. Ngakhale pa Chingerezi, ofufuza anaonetsa mu 2024 kuti nthawi zina imapeka ziganizo zathunthu, makamaka kwa anthu okhala chete nthawi yaitali, amene ndi odwala athu enieniwo. Ina ya ntchito yomweyo, ya MMS, imene kampani ya Meta inatulutsa mu 2023 ili ndi Chinyanja, koma zilankhulo zambiri inaziphunzira pa mawu a anthu owerenga Baibulo, ndiye imayenda bwino pa munthu wowerenga momveka kuposa pa munthu wong'ung'udza, wobwereza, wosakaniza zilankhulo. Ingathandize kupereka zolemba zoyambira ngati ikuyenda pa kompyuta yanu yomwe, osatumiza fayilo pa intaneti, koma munthu ayenera kumvetsera liwu ndi liwu. Polemba timagwiritsa ntchito pulogalamu ya ELAN, yaulere, yochokera ku Max Planck Institute ku Nijmegen, mzere umodzi wa wodwala, wina wa wofunsa. Mphindi zisanu zolembedwa mosamala zimadya pafupifupi ola lathunthu.

Mlembi wabwino kusukulu ndi woopsa pa ntchito iyi, chifukwa amakonza. Wodwala akati "ndinapi, ndinapita ku, kuja, anthu aja mpando", mlembi amafuna kulemba chiganizo chomveka. Akatero wafufuta chizindikiro chenichenicho. Lamulo ndi kulemba zonse monga zatulukira: mawu oduka, obwereza, "aa", "ujeni", "nanga si". Liwu losadziwika lisalembedwe msanga kuti ndi lopeka. Mu Mzuzu munthu mmodzi amatha kuyamba m'Chichewa, n'kulowa Chitumbuka, n'kuponyamo Chitonga cha ku Nkhata Bay kapena Kyangonde cha ku Karonga ndi Chingerezi cha kutauni. Mlembi wochokera ku Dedza akhoza kuona ngati kusokonekera pamene wodwala wangolankhula chakwawo. Alembi akhale awiri, mmodzi wodziwa bwino Chitumbuka, ndipo pa liwu lililonse losakhala Chichewa aike chizindikiro cha chilankhulo chake. Funsaninso poyamba chilankhulo chimene munthu amalankhula kunyumba, ndipo mulole ayankhe m'chimenecho. Munthu woganiza m'Chitumbuka n'kumamasulira m'Chichewa amaimaima pofuna mawu, osati chifukwa cha matenda.

Gwirizanani kalembedwe musanayambe. "Kumsika" ndi "ku msika", "m'nyumba" ndi "mnyumba", "ndi thu" ndi "ndithu", kwa kompyuta ndi mawu osiyana, ndipo chiwerengero cha mawu chimasintha malinga ndi amene walemba. Tsamba limodzi la malamulo a kalembedwe lopachika pakhoma limathetsa mkangano umenewu.

Zoyeza zimene zimagwira, ndi zimene zimanama

Muyeso wa chete ndi umene tinaudalira kwambiri, poti susowa kumva chilankhulo. Mu Praat, pulogalamu yaulere yoyezera mawu ya Paul Boersma ndi David Weenink a ku Amsterdam, muli lamulo logawa fayilo m'magawo a mawu ndi a chete. Imabwera itaikidwa pa -25 dB monga malire a chete, ndi masekondi 0.1 monga chete wamfupi kwambiri amene imawerenga. Nthawi imeneyi ndi yaifupi kwambiri, chifukwa potchula p, t kapena k pakamwa pamatsekeka kanthawi ndipo pulogalamu imawerenga ngati kupuma. Ikani pa 0.25. Malire a dB muwasinthe poyang'ana masekondi 10 a chipinda aja, ndipo mumvetsere mafayilo angapo kuti muone ngati mizere yagwa pamalo pake. Chotsani mawu a wofunsa musanawerengere. Pamapeto mumapeza zinthu zinayi: gawo la nthawi limene munthu analankhula, kuchuluka kwa kupuma pa mphindi, utali wa kupuma, ndi nthawi yapakati pa funso ndi yankho. Kafukufuku wambiri akugwirizana kuti odwala schizophrenia amapuma nthawi yaitali ndipo amalankhula gawo lochepa la nthawi, makamaka amene ali ndi zizindikiro za kuzizira mtima ndi kudzipatula.

Liwiro musaliyeze ndi mawu pa mphindi. "Sindinamuuzenso" ndi liwu limodzi lonyamula zimene Chingerezi chimanena ndi mawu asanu kapena kuposa, ndiye manambala a m'mapepala akunja alibe ntchito kwa ife. Werengani maphatikizo. Mwayi wathu ndi woti phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, choncho kuwerenga a, e, i, o, u m'zolemba kumapereka chiwerengero chapafupi kwambiri. Muwonjezere m woima payekha wa mu "m'nyumba", "mtengo" ndi "mkaka". Gawani ndi nthawi kawiri: ndi nthawi yonse, kenaka ndi nthawi yolankhula yokha. Woganiza mochedwa amatsika pa muyeso woyamba wokha. Amene lilime lalemera ndi mankhwala amatsika pa yonse iwiri.

Kukwera ndi kutsika kwa mawu ndi kumene kunatinamiza kwambiri. Mabuku amati odwala ambiri amalankhula mosakweza kapena kutsitsa, ngati mzere woongoka. Koma Chichewa chimagwiritsa ntchito kamvekedwe kusiyanitsa matanthauzo: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, khungu la pathupi ndi khungu la maso, ngakhale "ndimathandiza" wa masiku onse ndi "ndimathandiza" wa nthawi yapita. Chitumbuka sichitero, chimangotsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Ndiye kayendedwe ka mawu m'zilankhulo ziwirizi n'kosiyana kuchokera pa chiyambi, ndipo gulu la odwala likachuluka olankhula chimodzi pamene gulu loyerekezera lachuluka olankhula chinacho, kusiyana kumene mupeze ndi kwa zilankhulo. Yerekezani Chichewa ndi Chichewa, Chitumbuka ndi Chitumbuka. Mu Praat ikani 75 mpaka 300 Hz kwa amuna ndi 100 mpaka 500 Hz kwa akazi, ndipo kusinthasintha mukuwerengere mu semitone, masitepe a mawu a m'nyimbo, osati mu Hz, chiwerengero cha kunjenjemera kwa mawu pa sekondi, apo ayi akazi onse adzaoneka ngati amasinthasintha mawu kuposa amuna.

Njira ya Mota ija imatikomera chifukwa siifuna mabuku ambiri a Chichewa, ndipo mutha kuiyesa ndi pensulo. Liwu lililonse ndi kadontho, ndipo muvi umachoka pa liwu kupita pa lotsatira. Munthu akabwerera ku liwu limene analitchula kale, mivi imapanga mkombero. Nkhani yogwirana imakhala ndi mikombero ikuluikulu, pamene ya odwala schizophrenia imakonda kukhala ndi yaing'ono. Tengani chiganizo ichi: "Ndinapita kumunda, ndinapeza agogo, agogo anati ndipite kunyumba." Mukasiya mawu monga alili, "ndinapita" ndi "ndipite" ndi timadontho tiwiri tosiyana, ndipo mkombero waukulu palibe. Mukadula n'kutsala ndi tsinde, pita, munda, peza, agogo, ti, n'kubwerera ku pita, mwapeza mkombero wa timadontho tisanu. Munthu yemweyo, chiganizo chomwecho, zotsatira ziwiri zosemphana. Popanda kudula masinde, Mchewa aliyense amaoneka wodwala. Tinakonza mndandanda wa masinde pamanja, n'kumauwonjezera fayilo iliyonse ikalembedwa. Komanso wolankhula zambiri amapanga mikombero yambiri mwachibadwa, choncho yezani m'zigawo zofanana za mawu 30, n'kutenga pakati pake.

Muyeso wa kugwirana kwa tanthauzo, umene unatchuka ndi kafukufuku wa ku New York, ndi umene sitiukhulupirira pa Chichewa pakali pano. Umagwira ntchito posandutsa chiganizo chilichonse kukhala mndandanda wa manambala, n'kuona kuyandikana kwa ziganizo zotsatizana. Manambalawo amachokera ku zolemba zimene pulogalamu inawerenga, ndipo za Chichewa ndi zochepa, zambiri za chipembedzo ndi nyuzi. Siidziwa kuti kondowole ndi chinangwa ndi nkhani imodzi. Ena amati tingomasulira m'Chingerezi kaye ndi makina. Musatero. Makina omasulira anapangidwa kuti azitulutsa ziganizo zosalala, ndiye amasoka pamene wodwala anang'amba. Palinso msampha wina: munthu wobwereza chinthu chimodzimodzi kasanu amapeza mamakisi apamwamba a kugwirana, pamene agogo oyamba ndi mwambi, n'kuzungulira ku mbiri ya banja, n'kudzafika pa mfundo mwaluso, amapeza otsika. Ndipo kutchula ufiti, mizimu kapena vimbuza si chizindikiro pachokha kuno kumpoto. Chofunika kuona ndi ngati abale ake ndi a mpingo wake akuona kuti zimene akunenazo zapyola zimene iwo amakhulupirira, ndipo funso limenelo kompyuta siingayankhe.

Mankhwala

Chlorpromazine amagonetsa ndi kuumitsa kukamwa. Haloperidol ndi jakisoni wa fluphenazine amatha kuumitsa minofu, nkhope n'kukhala yosasintha, mawu n'kutsika ndi kuongoka. Benzhexol, amene ambiri amamudziwa kuti Artane, amafewetsa kuumako koma amawonjezera kuuma kwa kukamwa. Janna de Boer ndi anzake ku Netherlands anaonetsa mu 2020 kuti odwala omwa mankhwala ogwira mwamphamvu pa dopamine, chimodzi mwa zinthu zotumiza mauthenga mu ubongo, amapuma kwambiri polankhula kuposa omwa mankhwala ena. Choncho pa fayilo iliyonse lembani dzina la mankhwala, mlingo, ola limene anamwa komaliza, ndi masiku amene apita chibayireni jakisoni. Jambulani nthawi yofanana ya tsiku. Wojambulidwa 8 koloko m'mawa atamwa chlorpromazine usiku si yemweyo wa 2 koloko masana. Lembaninso za chamba, mowa, khunyu, malungo aposachedwa, mankhwala a HIV, vuto la kumva, mano ochoka, ndi kalasi imene analekezera sukulu, chifukwa maphunziro amasintha kwambiri utali wa ziganizo ndi chiwerengero cha nyama zimene munthu angatchule. Munthu wosokonezeka mwadzidzidzi, wotentha thupi, wosadziwa kumene ali, akufunika kuyezedwa malungo ndi matenda ena a m'thupi msanga, osati kujambulidwa.

Titachotsa zonsezi, chimene chinatsala chothandiza ndi kuyerekeza munthu ndi iye mwini. Chilankhulo chake, maphunziro ake, ulemu wake ndi mawu ake obadwa nawo sizisintha mwezi ndi mwezi. Jambulani katatu ali bwino, pa masiku ake obwera kudzatenga mankhwala, kuti mudziwe pamene amakhala ndi mmene amasinthira mwachibadwa. Ulendo womwewo namwino amene sanaone manambala apereke mamakisi ake pa PANSS, muyeso wa mfundo 30 umene unatuluka mu 1987, kapena pa muyeso wina umene chipatala chimagwiritsa ntchito. Manambala akadzachoka pa malo ake maulendo awiri otsatizana, ndi chifukwa chokhalira naye pansi nthawi yotalikirapo. Kupuma kukatalika mlingo utangokwezedwa, yang'anani kuuma kwa mikono ndi kayendedwe, mwina mankhwala achuluka. Kukatalika mankhwala osasintha, funsani za kukhumudwa ndi maganizo ofuna kudzipha. Mikombero ikachepa ndipo abale akuti sakugona, funsani ngati mankhwala akumwedwa. Chiganizo chosintha chithandizo ndi cha dokotala amene wamuona munthuyo, ndipo nambala isalembedwe m'buku la kuchipatala la wodwala ngati dzina la matenda. Buku limenelo amayenda nalo kulikonse, ndipo chimene chalembedwamo chimamutsata.

Kwa ophunzira amene akufuna kuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa odwala ndi osadwala: pulogalamu ngati openSMILE imatulutsa miyeso 88 pa fayilo imodzi, ndipo mukakhala ndi anthu 30 okha kompyuta ipeza njira yowasiyanitsira ngakhale palibe chenicheni. Mafayilo a munthu mmodzi asapezeke mbali yophunzitsira ndi yoyesera nthawi imodzi, chifukwa ikatero yangoloweza mawu ake. Osadwala ajambulidwe m'chipinda chomwecho, ndi rekoda yomweyo, wofunsa yemweyo. Odwala mukawajambulira kuchipatala, osadwala ku hostelo ya ophunzira ku Luwinga, kompyuta idzaphunzira kusiyanitsa zipinda ndipo idzakupatsani 95 peresenti yabodza.

Mafayilo achoke pa rekoda tsiku lomwelo, alowe pa kompyuta yotsekedwa ndi pulogalamu ngati VeraCrypt, ndipo kakhadi kafufutidwe. Dzina la fayilo likhale nambala ndi tsiku, pepala lolumikiza nambala ndi dzina likhale mu kabati ina yokhoma. M'zolemba sinthani maina a anthu, midzi ndi mipingo imene wodwala watchula. Muuzeni tsiku limene mawu ake adzafufutidwe, ndipo akabwera n'kunena kuti wasintha maganizo, fufutani pomwepo iye akuona. Abale amene afika pofunsa ngati kompyuta ingawauze kuti mwana wawo akudwala timawauza kuti siingathe, n'kuwalozera kumene angaonane ndi munthu: ku St John of God, amene akhala akuthandiza odwala matenda a maganizo mu Mzuzu kuyambira zaka za m'ma 1990, ku Mzuzu Central Hospital, kapena kwa namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma cha m'boma lawo. Apite ndi buku la kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa, ndi munthu amene amakhala naye nyumba imodzi amene angafotokoze tsiku limene anayamba kuona kusintha.